Maiki ya Riboni ndi Nyimbo Zathu za Kumudzi

 Ndikuyankhula ndi inu a ku Namitete, ku Mpingu, ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma, makamaka atsogoleri a makwaya, amayi a Chigwirizano, oimba a mabandi, ndi inu achinyamata amene mwatsegula timasitudiyo kuseri kwa mashopu. Nkhani ya lero ndi yanu. Tikambirana za chipangizo chimodzi chojambulira nyimbo, maikolofoni ya riboni: mmene imagwirira ntchito, chimene ingatichitire, ndiponso ngati ndi chanzeru kuti gulu la kumudzi kuno litayirepo ndalama zake.

Ambiri a inu maiki imeneyi munaionapo kale, kungoti simunaizindikire. Mukamaonera mpira wa ku England m'nyumba zoonetsera mpira pamsika, nthawi zina kamera imatembenukira kwa owulutsa masewero, ndipo mumaona munthu atagunditsa maiki pamlomo wake wam'mwamba. Imeneyo ndi Coles 4104, maiki ya riboni imene akatswiri a wailesi ya BBC anaikonza m'zaka za m'ma 1950, kuti mawu a wowulutsa azimveka bwino ngakhale bwalo lonse likukuwa. Koma ife lero tikunena za abale ake a maiki imeneyi, amene ntchito yawo ndi kujambula nyimbo.

Mamaiki amene timakumana nawo alipo a mitundu itatu. Woyamba ndi wa dayinamiki, uja mumaugwira kumanja kutchalitchi, paukwati ndi pamsonkhano. Wodziwika kwambiri ndi Shure SM58, imene inatuluka mu 1966, ndipo ndi yolimba moti ikagwa mumangoitola n'kupitiriza kuimba. Wachiwiri ndi wa kondensa, umene umapezeka m'masitudiyo ambiri. Umenewu umatola ndi kakupuma komwe, koma nthawi zambiri sugwira ntchito popanda magetsi a mavoti 48 ochokera ku mikisa. Wachitatu ndiye wathu wa lerowu.

Mkati mwa maiki ya riboni muli kachidutswa ka aluminiyamu kakatali, kowonda, kopindidwapindidwa ngati lata la padenga, ndipo kanapachikidwa pakati pa maginito. Munthu akaimba, mpweya umakagwedeza, ndipo kugwedezeka kwakeko pakati pa maginito kumabala timagetsi tochepa kwambiri, timene timasanduka mawu amene mumamva. Kupyapyala kwa kachitsuloka n'kodabwitsa. Mukatenga milimita imodzi n'kuigawa magawo 1,000, riboni ya mamaiki ambiri imangokwana magawo awiri kapena awiri ndi theka. Ya maiki yotchedwa Coles 4038 sikwana ngakhale gawo limodzi. Tsitsi limodzi la m'mutu mwanu limanenepa kuiposa maulendo makumi angapo. Ubwino wonse wa maiki imeneyi ukuchokera pa kupyapyala kumeneku, ndipo mavuto ake onse akuchokeranso pomwepo.

Si chipangizo chatsopano ayi. Anayamba kuchiganizira ndi akatswiri awiri a ku Germany, Walter Schottky ndi Erwin Gerlach, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Ku America, Harry Olson wa kampani ya RCA ndiye anachikonza mpaka chinayamba kugulitsidwa, ndipo RCA 44 imene inatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 inadzaza nyumba zowulutsira mawu. Ku Britain, BBC inali ndi yakeyake kuyambira mu 1934, ndipo pambuyo pake inakonza 4038, imene inkapachikidwa pamwamba pa ng'oma za gulu la Beatles ku situdiyo ya Abbey Road mu London. Kenaka mamaiki a kondensa anadzalanda malo a maiki ya riboni. Inabwereranso mwamphamvu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene anthu anasiya matepi n'kuyamba kujambulira pakompyuta. Kompyuta sifewetsa mawu monga inkachitira tepi, choncho ojambula anayamba kufunafuna maiki yochotsa ukali. Royer R-121 ya mu 1998 ndi imodzi mwa zimene zinatsegula njira imeneyi.

Tsono ife a kuno zikutikhudza bwanji? Choyamba ndi ukali womwewo. Nyimbo zathu zili ndi zinthu zambiri zakuthwa: sopulano wa amayi akakweza mawu, nthungululu, kuwomba m'manja, maseche, malipenga, gitala ya magetsi. Mukazijambula ndi kondensa yotsika mtengo, n'kukazimvera pafoni kapena pa kasipika ka m'thumba, zimalasa m'makutu. Maiki ya riboni imachepetsa pang'onopang'ono mawu akuthwa a pamwamba kwambiri, n'kusiya mnofu wa mawu a pakati ndi a pansi. Nthungululu imamveka nthungululu ndithu, koma womvera sathamangira kukatsitsa voliyumu.

Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, maiki ya riboni ili ndi nkhope ziwiri. Imamva kutsogolo ndi kumbuyo mofanana, koma m'mbali mwake ndi gonthi. Akatswiri akajambula kamvedwe kake papepala kamaoneka ngati nambala 8. Tsono taganizani mmene timaimbira kwathu kuno. Kaya ndi chimtali, chitelele, nyimbo ya pamtondo kapena kolasi ya kutchalitchi, pamakhala wina woyambitsa ndi gulu lovomera. Muimike maiki pakati. Woyambitsa aime kutsogolo kwake, mwina theka la mita kapena kuposerapo pang'ono. Ovomera aime kumbuyo kwake, mamita awiri kapena atatu. Onse akuonana maso ndi maso monga amachitira pabwalo, ndipo maiki imodzi yatola mbali zonse ziwiri nthawi imodzi.

Ambiri mukudziwa chimene chimachitika kwaya ikalowa m'kasitudiyo kopanikiza. Wojambula amayamba waika kiyibodi ndi ng'oma za m'kompyuta, kenaka n'kumaitana anthu awiriawiri kapena atatu kuti azidzaimba atavala mahedifoni. Nyimbo imatuluka yoyera, koma anthu a mumpingo akaimva amafunsa kuti, kodi kwaya yathu ija ndi imeneyi? Chimene chasowa ndi kumverana. Kwaya imapumira limodzi, imakokana, besi amatsamira pa tena, woyambitsa amaona nkhope za ovomera n'kudziwa kuti abwerezenso kachiwiri. Maiki ya nkhope ziwiri imalola kuti zonsezi zilowe m'nyimbo.

M'mbali mogontha muja namonso muli phindu. Ngati ng'oma ikumiza mawu a oimba, musalimbane ndi mabatani a mikisa. Ingosunthani wang'omayo aime cha m'mbali mwa maiki, ndipo ng'oma itsika yokha. Ngati pali zenera loyang'ana kumsewu, tembenuzani maiki kuti zeneralo likhale kumbali kwake. Komanso maiki ikaima chilili, pamwamba pake penipeni ndi pansi pake penipeni sipamveka kwenikweni, choncho mawu onjanja kuchokera kudenga ndi pasimenti amachepako. Woimba wa mawu aakulu abwerere m'mbuyo phazi limodzi, wa mawu aang'ono asendere pafupi. Kusakaniza nyimbo kumachitika ndi mapazi a oimba, batani lisanakhudzidwe.

Luso limeneli si lachilendo m'dziko muno. Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music mu 1954, anayenda m'Nyasaland mu 1950, 1957 ndi 1958 akujambula nyimbo za m'midzi, kuphatikizapo za Achewa a m'chigawo chapakati. Ankajambula ndi maiki imodzi yokha, ataigwira kumanja, n'kumaisendeza kwa woyambitsa, kwa wang'oma, kwa gulu, malinga ndi kumene nyimbo yafika. Nyimbo zimenezo zikusungidwa mpaka lero ku Rhodes University, mu mzinda wa Makhanda ku South Africa, ndipo zimamveka zamoyo. Phunziro lake silili pa mtundu wa maiki, koma pa khutu la wojambula ndi malo amene waimika anthu.

Kwaya ikakhala yaikulu, pali njira ina ya mamaiki awiri a riboni, imene Alan Blumlein wa kampani ya EMI anailembetsa mu 1931. Mumaika maiki ina pamwamba pa inzake, mitu yake itayandikana, ina itayang'ana chakumanzere, ina chakumanja, mopingasana ngati ngodya ya nyumba. Kwaya imaima kutsogolo mokhota pang'ono. Womvera ndi mahedifoni amatha kuloza kuti sopulano ali uku, besi ali uko. Koma njira imeneyi imatola chipinda chonse, ndipo apa ndi pamene tiyenera kunena chilungamo.

Maiki yomva kumbuyo imamvanso khoma lakumbuyo. Matchalitchi athu ambiri ndi a njerwa, pansi simenti, pamwamba malata opanda siling'i. M'nyumba yotere mawu amagunda khoma n'kubwerera, ndipo maiki ya riboni sibisa kanthu. Musanajambule, imani pakati pa nyumbayo muwombe m'manja kamodzi, mumvetsere. Kuwombako kukalira nthawi yaitali kapena kukanjenjemera, yalani mphasa pansi, pachikani mabulangete kumakoma, ndipo maiki isakhale pafupi ndi khoma. Musadabwe kupeza kuti nyumba yofolera udzu ikutulutsa mawu okoma kuposa tchalitchi chachikulu cha malata, chifukwa udzu umamwa mawu osawabweza.

Nthawi nayo muisankhe. Masana dzuwa likaswa mtengo, malata amathetheka. Mu Okutobala nyenje sizipereka mpata. M'dzinja mvula ikagunda denga, ntchito yathera pomwepo. Pamsika pali chigayo, njinga zamoto za kabaza ndi masipika a obena nyimbo. Kawirikawiri mmawa kwambiri kapena madzulo chigayo chitatseka ndiye nthawi yabwino. Ngati mukugwiritsa ntchito jenereta, ikhale kutali kuseri kwa nyumba ina, pa chingwe chachitali. Ngati ndi sola, inveta isayandikane ndi maiki kapena zingwe zake, chifukwa imatha kulowetsa kulira kwa magetsi m'nyimbo.

Tsopano timve za adani a maiki imeneyi. Mdani woyamba ndi mphepo. Phokoso lalikulu siiopa kwenikweni. Royer R-121 imaikidwa kutsogolo kwa sipika ya gitala yolira mogonthetsa m'khutu, osaonongeka. Chimene imaopa ndi mpweya wowomba. Chizolowezi chathu chija chouzira maiki kuti fuu, fuu, pofuna kudziwa ngati yayaka, chikhoza kutamula riboni kapena kuidula nthawi yomweyo. Riboni ikatamuka sibwereranso. Pofuna kuiyesa, ingoyankhulani. Woimba payekha asaiyandikire kwambiri, atalikire masentimita 30 kapena kuposa, ndipo pakati pakhale kasefa kotchinga mpweya. Kasefako mukhoza kukapanga nokha ndi waya wopinda mozungulira ndi sokosi yopyapyala ya nayiloni. Kutalikirako kuli ndi phindu linanso: maiki imeneyi ukaiyandikira kwambiri imanenepetsa mawu a pansi mpaka mawu a nyimbo osamveka.

Pa ng'oma, kaya ndi mbalule, mpanje kapena ng'oma yaikulu ya bandi, musaike maiki kukamwa kwake kumene kumatulukira mpweya. Ikani kaye dzanja lanu pamalo pamene mukufuna kuimika maiki, wang'oma aombe. Mukamva kamphepo padzanja, malo amenewo ndi olakwika. Isunthireni patali, muikweze, kapena muipendeketse pang'ono kuti mpweya uzidutsa mopalasa.

Mdani wachiwiri ndi fumbi, makamaka tizidutswa ta chitsulo. Maginito a m'kati mwake ndi amphamvu, ndipo amakoka kachitsulo kalikonse. Situdiyo ikakhala moyandikana ndi owotcherera zitsulo kapena okonza njinga, chenjerani. Musaigoneke pansi kapena pabenchi. Mukamaliza kujambula, kapena mukamaisuntha kuchoka pakona ina kupita pa ina, ivekeni kathumba kake kapena kajumbo koyera. Posunga, ya riboni yaitali iziima chilili kuti riboniyo isalendewere. Ndipo mukamapita nayo m'misewu ya fumbi yolowa m'midzi ya kwa Kabudula kapena ku Nambuma, isamangidwe pakaliyala. Ikhale m'bokosi lake, bokosilo likulungidwe m'nsalu, ndipo wina alinyamule m'chikwama kumsana.

Mdani wachitatu ndi batani lija lolembedwa 48V pa mikisa. Maiki ya riboni wamba sifuna magetsi amenewa. Chingwe chikakhala chabwino ndi cholumikizidwa molondola, nthawi zambiri sipachitika choopsa. Koma zingwe zathu zambiri n'zolumikizalumikiza, zina zinawotchereredwa pamsika mawaya atasemphana. Magetsi aja akadutsa pa chingwe chotere amafika pa riboni n'kuiwononga. Lamulo lake ndi lapafupi: zimitsani 48V, dikirani kanthawi, kenaka lumikizani kapena chotsani maiki. Ndipo maiki imeneyi ikhale ndi chingwe chakechake chosabwereketsa.

Pali chinanso chimene ogulitsa sakonda kutchula. Timagetsi totuluka mu riboni ndi tochepa kwambiri, choncho timafuna chokweza mawu champhamvu ndi chaukhondo, chofika madesibelo 60 kapena kuposa, makamaka pojambula mawu ofatsa. Mikisa wamba ya zokuzira mawu kutchalitchi mukaipotokola mpaka kumapeto imayamba kulira kuti sssss, ndipo phokosolo limakhalira m'nyimbo. Njira zilipo ziwiri. Mukhoza kugula kachipangizo koika pakati pa maiki ndi mikisa, monga Cloudlifter kapena FetHead, kamene kamawonjezera madesibelo oposa 20. Kameneka kamadya magetsi a 48V aja koma sikawapititsa ku maiki, choncho kamaitetezanso. Kapena mukhoza kugula maiki ya riboni yokhala ndi chokwezera chake m'kati, monga Royer R-122. Imeneyo ndiye imafuna 48V kuti igwire ntchito. Choncho werengani bwino pepala lake musanalumikize, mudziwe kuti yanuyo ndi ya mtundu uti.

Nanga posankha? Mitengo ndi yotalikirana kwambiri. Coles 4038 ndi Royer R-121 iliyonse imapitirira madola 1,000 a ku America. Zilipo zina zopangidwa ku China, za madola 100 kapena 200, zimene zimagwira ntchito ndithu, ngakhale kuti ziwiri za dzina limodzi sizimveka mofanana nthawi zonse. Ngati chipinda chanu n'chaching'ono ndipo simungachikonze, ganizirani Beyerdynamic M160, imene yakhala ikupangidwa kuyambira mu 1957. Imeneyi ndi ya riboni koma imamva kwambiri kutsogolo, choncho khoma lakumbuyo silivutitsa. Mamaiki awiri otere ndiwo anajambula ng'oma zotchuka za m'nyimbo ya gulu la Led Zeppelin yotchedwa When the Levee Breaks, imene inatuluka mu 1971.

Mukatuma m'bale wa ku Joni kuti akugulireni yogwiritsidwapo kale ntchito, muuzeni aiyese asanalipire. Aimvere ndi mahedifoni. Ngati mawu akutuluka ofooka kwambiri, opanda besi, kapena mukumveka kukhwekhwereza akaipendeketsa pang'onopang'ono, riboni yake inatha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Afunsenso kuti ikaduka amaikonza ndani, chifukwa kuika riboni yatsopano ndi ntchito ya mmisiri wake, si ya aliyense wokonza mawailesi.

Palinso malo amene maiki imeneyi si yake n'komwe. Pabwalo la Gule Wamkulu, pamene fumbi lili koboo, anthu akuthamanga uku ndi uku, kamvuluvulu akhoza kudutsa nthawi iliyonse, tengani dayinamiki yovekedwa chotchinga mphepo. Ndipo kumbukirani kuti gule ameneyu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, ali ndi eni ake. Yambani mwapempha kwa amfumu ndi akuluakulu a mudzi, ndipo chimene akuletsani kujambula, musajambule. Pa msonkhano wa chitsitsimutso, pamene masipika ali ponseponse, riboni imalira msanga chifukwa imamva kumbuyo. Ndipo ngati ntchito ya situdiyo yanu ndi kujambula woimba mmodzimmodzi pa biti ya pakompyuta, kondensa kapena dayinamiki yabwino ikukwanirani.

Mu 2013, wojambula nyimbo wa ku America, Ian Brennan, analowa m'ndende ya Zomba ndi zipangizo zonyamula m'manja n'kujambula nyimbo za akaidi. Chimbale chimene chinatuluka, cha Zomba Prison Project, chinafika popikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016. Munthu yemweyo ndiye anajambula Malawi Mouse Boys panja, kumudzi kwawo. Dziko linamvera nyimbo zimenezo chifukwa cha oimba ake ndi mmene anajambulidwira ali chiimbire pamodzi, osati chifukwa cha makoma a situdiyo yodula.

Choncho langizo langa kwa inu amene mwasonkha ndalama za soya, mtedza kapena fodya kuti mujambule chimbale ndi ili. Maiki ya riboni ikhale yomalizira pa mndandanda, osati yoyambirira. Yambani ndi kuphunzira nyimbo mpaka kwaya izitha kuimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza osalakwitsa, chifukwa pa maiki imodzi simungachotse munthu mmodzi amene waphonya. Chachiwiri, pezani nyumba yomveka bwino ndi nthawi yachete. Chachitatu, yeserani kaimidwe ka anthu pogwiritsa ntchito maiki imene muli nayo kale, ngakhale foni imene, mukumvetsera ndi kusuntha anthu mpaka mawu atakhazikika. Chachinayi, onetsetsani kuti chokwezera mawu ndi zingwe zili bwino. Mukakwanitsa zinayizi, pamenepo riboni idzakupatsani chimene mamaiki ena sangakupatseni.

Ndipo sikofunika kuti kwaya iliyonse ikhale ndi yake. Chimbale mumajambula mwina kamodzi pachaka. Makwaya a parishi imodzi kapena a mpingo umodzi akhoza kusonkherana n'kugula imodzi, n'kusankha munthu mmodzi wodekha woisunga, amene aziyenda nayo yekha kulikonse kumene yaitanidwa ndi kuiimika ndi manja ake. Kapena funsani masitudiyo a mu Lilongwe ngati ali nayo, mugwirizane kuti wojambula abwere nayo kwanu, m'malo moti anthu makumi atatu alipire galimoto kupita m'tauni. Kwaya ikaimbira pamalo pamene inazolowera, imaimba momasuka.

Sabata ino, pa phunziro lanu la kwaya, yesani chinthu chimodzi chosalira ndalama. Imikani foni pakati, woyambitsa mbali ino, ovomera mbali inayo, ng'oma chapatali. Jambulani, mverani, sunthani anthu, jambulaninso. Mukamva kusintha kumene phazi limodzi lokha limabweretsa, mudzadziwa nokha ngati gulu lanu lafika pofuna maiki ya riboni kapena ayi.

Kwa lero tilekeze pomwepa.